Mbuna ya a Lameki Telala

Amene ankadutsa pa Mtakataka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akukumbukira khonde la sitolo ina yoyang'ana kumsewu, pomwe pankakhala telala wamtali, wowonda, wa magalasi omanga ndi ulusi. Kudzanja lamanja kunali makina osokera opalasa ndi phazi, kumanzere kunali thanki ya galasi yodzaza madzi. M'thankimo munkakhala nsomba imodzi yokha, yabuluu, ya mizere yakuda, yosaposa chala chapakati. Telalayo anali a Lameki. Anthu obwera kudzayesa zovala ankafunsa chifukwa chake kansomba kamodzi kankakhala kokha m'madzi ochuluka chotero, koma iwo ankangodula ulusi ndi mano n'kufunsa ngati bulukulo alifuna la matumba akumbuyo.

A Lameki anabadwira kufupi ndi Golomoti, m'banja la alimi a thonje ndi mpunga. Khasu silinawakonde, ndipo iwonso sanalikakamire. Akadali mnyamata anadziphatika kwa telala wina wachiyawo pamsika, nayamba ndi kusoka mabatani, kenako mipendero, mpaka dzanja linakhwima. Atapeza makina awoawo anasamukira ku Mtakataka, ndipo sipanatenge nthawi kuti mayunifolomu a ana asukulu ndi masuti a akwati a dera lonselo azituluka pansi pa singano yawo. Kupatula makina, ankakonda nkhunda. Kuseri kwa nyumba yawo kunali khola lalikulu lapamwamba, ndipo ankalinyadira pa chifukwa chimodzi. Anthu kumeneko amati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu, zimasamuka. Za a Lameki sizinasamukepo, ndipo iwo ankafuna kuti aliyense adziwe zimenezo.

Kunena zoona, munthuyu sankakangana ndi wina aliyense. Koma musaganize kuti anali woyera mtima ngati mpunga wopeta. Anali ndi nsanje, nsanje yosalankhula, yongokhala pachifuwa ngati chilungulira. Ndipo nsanje yonseyo inali ndi dzina limodzi: Marcelino.

Akazi awo, a Natalia, anali mwana wa mphunzitsi wa ku Mua, woimba kwaya kuyambira ali wamng'ono. Makolo a mtsikanayu diso lawo linali pa Marcelino, mwana wa katekisiti, mnyamata wa mutu wakuthwa amene anapita ku Blantyre kukaphunzira ntchito ya chipatala. Marcelino anachedwa kumeneko. Pamene iye ankaphunzira kubaya jekeseni, a Lameki anali akuyeza atsikana a kwaya mapewa ndi tepi, ndipo atafika pa Natalia tepiyo inawapulumuka m'manja kawiri. Analowa kalasi ya katekisimu, anabatizidwa, anamanga ukwati m'tchalitchi. Diresi la ukwati anasoka okha, ndi velo yomwe. Anthu ankaseka kuti telala wapita ndi mkazi wa dokotala. Iwo ankangonena poseka, koma a Lameki anawapinda bwinobwino mawuwo n'kuwasunga zaka zoposa makumi awiri. Anapambana, koma mumtima sanakhulupirire kuti anapambanadi.

Ndiye chaka china a Marcelino anapuma pa ntchito n'kubwerera kwawo, akazi awo atamwalira. Anamanga nyumba ya njerwa zootcha m'mbali mwa njira yopita ku Mua, n'kumakhala ndi mlongo wawo a Ursula, amene anali mnzawo wa a Natalia wa paubwana komanso wa m'gulu la amayi a kutchalitchi. Pa katundu amene anabwera naye panali chinthu chimene dera lonselo linali lisanachionepo: thanki ya galasi ya nsomba zofiira, imene namwino wina wachizungu anawasiyira pobwerera kwawo. Nkhani inali m'kamwam'kamwa. A Natalia atabwera kuchokera kumapemphero kwa a Ursula anaifotokoza manja ali m'malere, kuti nsomba zake si zodya, n'zongoona. A Lameki anayankha kuti munthu woweta ndiwo kuti azingoziyang'ana ndiye kuti ntchito yamuthera. A Natalia anaseka, koma amuna awo sanaseke nawo.

Chaka chomwecho Doreen, mwana wawo mmodzi yekhayo, anakwatiwa ku Lilongwe, ndipo m'nyumba munangoti zii. A Natalia ankasesa posesa kale, n'kumatsuka mbale zotsuka kale. Tsiku lina masana panaima ngolo ya ng'ombe pakhomo, a Ursula atakhala pamwamba, atakumbatira ndowa. Anati achimwene awo apangitsa thanki yaikulu, ndiye yakaleyo ndi nsomba ziwiri akuti zibwere kuno, a Natalia azikhala ndi choyang'ana. Mphatso sakana, makamaka yobwera pangolo anthu onse akuona. A Lameki anathokoza ndi manja awiri, nakwera kukhola kukatenga maunda awiri onenepa kuti a Ursula akapereke kwa adokotala. Ngolo itangokhota, anakhala pansi n'kuvula magalasi. Marcelino anali atalowa m'nyumba mwawo, ndipo iwo anali atamuthokoza polowapo.

Koma nsombazo zinali zokongola, tisaname. Zinali zonenepa, zoyenda mwaulesi, zofiira ngati papaya lakupsa. Ina inali ndi mchira wautali wogawika pawiri, wopyapyala moti munthu ankaona mchenga kuseri kwake, ndipo ikatembenuka mchirawo unkatsalira pang'ono n'kumabwera pambuyo. A Natalia anaitcha Mkwatibwi. Inayo, ya zipsepse zazifupi, imene inkangotsatira mnzake kulikonse, anaitcha Mperekezi. A Lameki anauyang'ana mchirawo ndi diso la utelala, kufuna kupeza polakwika. Sanapapeze. Velo imene anasoka ndi manja awo pa ukwati wawo sinkagwa bwino chotero, ndipo zimenezi zinawawawa koposa.

A Natalia anasintha. Ankatunga madzi pamjigo n'kuwagoneka m'mtsuko asanawathire m'thanki, monga anawalangizira a Ursula. Ankasinja usipa ndi gaga n'kumawaza pang'onopang'ono ndi nsonga za zala. Dzuwa la m'chigwa likafika potentha ankanyowetsa chitenje n'kuphimba mbali ya kuwindo. Ntchito zikatha ankakoka kampando, n'kugwira chibwano, n'kumangoyang'ana. Nkhope yawo inkafewa, makwinya a pamphumi n'kumasuka, nthawi zina n'kumang'ung'udza nyimbo ya kwaya. A Lameki pobwera kuchokera kukhonde ankaima pakhomo n'kumaiona nkhope imeneyo. Anaidziwa. Inali ya mtsikana uja wa tepi, ndipo anali asanaione kwa zaka zambiri. Tsopano yabwerera, koma woibweretsa ndi Marcelino. Chimene a Lameki ankafuna chinali chimodzi basi: kuti mkazi wawo ayang'ane chotero chinthu chochokera m'manja mwawo.

Anayesa ndi zimene ankazidziwa. Anagula nsalu yabwino n'kusoka diresi la mapindo ang'onoang'ono pachifuwa, ntchito yowawitsa msana. A Natalia analandira atagwada, anathokoza, analivala Lamulungu, ndipo amayi anzawo analigwiragwira. Pobwera kutchalitchi, asanavule n'komwe, anathamangira kuthanki kukaona ngati Mkwatibwi wadya.

Thandizo, ngati tingalitchule thandizo, linabwera pa sitima ya pamtunda. A Lameki anali ndi msuweni wawo Jonasi, munthu wa pakamwa posatseka, amene ankagwira ntchito cha ku Salima kwa mzungu wina wogwira nsomba zamoyo. Jonasi anabwera kudzasoketsa buluku, ndipo ataiona thanki anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati azungu amataya nthawi n'kubwera kuno kudzafuna nsomba zathu za m'miyala, mbuna, kuziika m'mapulasitiki n'kuzikweza ndege, pamene asuweni ake akugwadira tinsomba tonenepa tochokera kunja. Anafotokoza za mbuna zabuluu, zachikasu, za mizere, zowala ngati zapakidwa penti. A Lameki makutu anaima. Ndiye kuti panali nsomba zoposa za Marcelino, zolilidwa ndi azungu enieniwo, ndipo zinali m'nyanja yawo yomweyi. Bulukulo analisoka mwaluso kuposa masiku onse, n'kuwonjezapo shati.

Jonasi anabweranso ndi ndowa yovundikira ndi chiguduli. Munali mbuna zitatu, zazing'ono, zothamanga ngati zatenthedwa. Asanapereke ndowayo anayang'ana thanki ija, nayang'ana mchira wa Mkwatibwi, n'kupukusa mutu.

"Asuweni, izi musaziphatikize ndi zonenepa zanuzo. Ife kuntchito timaziika pazokha, ndiponso timadzazamo miyala kuti zizibisalirana. N'zankhanza izi."

"Zankhanza tinthu tosakwana ndiwo ya mwana?" anatero a Lameki. "Iwe Jonasi, ine ndaweta nkhunda usanamere ndevu."

Ndipo ankanena zoona, kungoti zoona zake zinali za nkhunda. Aliyense woweta nkhunda amadziwa kachitidwe kake. Ukabweretsa zachilendo umazitsekera m'khola limodzi ndi zakale, n'kuzizula nthenga za kumapiko kuti zisathawe. Masiku oyamba zimajomphana, nthenga kuuluka, ina mpaka kutuluka magazi pamutu. Wosadziwa amachita mantha n'kuzipatula, ndipo akatero sizidzazolowerananso. Wodziwa amalimba mtima. Zikajomphana mokwanira zimadziwana kuti wamkulu ndani, nthenga zimameranso, kenako umangoziona zikudyera limodzi. A Lameki anali atachita zimenezi kambirimbiri osataya nkhunda ngakhale imodzi. Sanaone chifukwa choti nsomba zisiyane. Anaiwala kuti nkhunda yogonja imakwera pamtanda wa pamwamba n'kupumako, pamene m'galasi mulibe kokwera.

Anazithira m'thanki a Natalia ali kumunda wa mpunga. Pobwera, mayiwo anaima pakhomo khasu lili paphewa, n'kuliika pansi osayang'ana pomwe likugwera. Mbuna zinkang'anima uku ndi uku, buluu wake wolasa m'maso. A Natalia anagwada pafupi ndi galasi, anafunsa komwe zachokera, ndipo atamva anawayang'ana amuna awo n'kunena kuti sankadziwa kuti nyanja ili ndi zinthu zokongola chotero. Nkhope ija inabwera, ndipo ulendo uno inali ya a Lameki. Tsiku limenelo anapita kukhonde akuimba mluzu, ndipo mayi wina amene anabweretsa siketi yong'ambika anamusokera ulere.

Chimwemwecho sichinakhalitse. M'thankimo munali mwala umodzi wokha, ndipo mbuna yaikulu pa zitatuzo inautenga kukhala wake. Inafukula mchenga pansi pake, n'kumathamangitsa chilichonse choyandikira. Anzake awiri ankatha kuzemba. Koma nsomba zofiira zija, zonenepa, zoleredwa m'galasi chibadwire, sizinkadziwa kuti padziko pali kuthawa. Mkwatibwi ankadutsa pamwalapo mwaulemu wake uja, mchira ukubwera pambuyo, ndipo mbuna inkangoti psiti, n'kunyotsola kachidutswa, n'kubwerera. Posakhalitsa m'mphepete mwa mchira munayamba kuoneka ngati nsalu yong'amba ndi manja, yopanda mpendero. Chodabwitsa n'chakuti mbunayo ikaluma, buluu wake ankawala kuposa kale.

A Natalia anaona msanga. Anawaitana amuna awo n'kuwalozera. Iwo anawauza za nkhunda, kuti zimenezi ndi za masiku oyamba, zizolowerana, ndipo zipsepse n'chimodzimodzi nthenga, zimameranso. Mayiwo anavomera, poti pa nkhani ya ziweto amuna awo anali asanalakwitsepo. Koma masiku ankapita, ndipo kuzolowerana sikunkaoneka. Mperekezi anasiya kutsatira mnzake, n'kumakhala pakona yapamwamba, zipsepse atazipinda, kamwa ili yasa pamwamba pa madzi. Mchira wa Mkwatibwi unagawika timizeremizere, ndipo m'mabala munayamba kumera toyera ngati thonje. A Natalia anasiya kung'ung'udza nyimbo. Kampando ankakokabe, koma tsopano ankakhala ndi kamtengo m'manja, n'kumagogoda galasi mbuna ikayandikira.

Apa m'pamene nkhani ya a Lameki imachititsa manyazi. Poyamba ankakhulupiriradi za nkhunda zija. Koma telala amadziwa kusiyana kwa nsalu yotheka kuisoka ndi nsalu yopita kunsanza, ndipo patapita nthawi anadziwa mumtima kuti mchira uja ukupita kunsanza. Anadziwa, koma sanachotse nsomba zawo. Masana ena, a Natalia ali kumjigo, anakhala pa kampando kaja n'kuonerera mbuna yawo ikuthamangitsa nsomba ya Marcelino kuchoka pakona iyi kufika pakona iyo. Mtima wawo unakoma. Unakoma ndithu, ngati wa munthu woonera timu yake ikugoletsa. Atamva ndowa ikutsitsidwa panja anadzuka msanga n'kuyamba kufunafuna sizasi imene inali m'thumba mwawo.

Kenako a Natalia ananena mawu amene sanayenere kunenedwa m'nyumba imeneyo, ngakhale anali mawu anzeru. Anati bwanji akafunse kwa a Marcelino, poti iwo akhala nazo nthawi yaitali nsombazi, mwina akudziwa mankhwala ake. A Lameki anayankha mofatsa, monga mwa masiku onse, kuti pakhomo pawo sipafunika dokotala wa nsomba. Mumtima anali atamanga mfundo. Akanachotsa mbuna tsopano, ndiye kuti Marcelino wapambana osabwera n'komwe.

M'mawa wina wa mwezi wa Okutobala, kunja kutatentha kale, anapeza Mperekezi akuyandama chagada, zipsepse zonse zitadyedwa mpaka pathupi. A Natalia anamuvuula ndi manja awiri, anakamukwirira pansi pa mtengo wa mandimu, anasamba m'manja, n'kubwerera m'nyumba. Mkwatibwi anali pansi pakona, atapendekeka, mchira utatsala chibudu. A Lameki anali atanyamula kale thumba lawo la ulusi kuti azipita.

"Bambo a Doreen," anatero a Natalia, "chotsanimo nsomba zanuzi. Ziikeni m'mtsuko, kaya m'ndowa, kaya mum'bwezere Jonasi. Winayu akutha."

A Lameki akanangoika thumba pansi n'kutenga kapu, nkhani ikanathera pomwepo. Koma nsanje ya zaka zonse zija ndiyo inawayankhira.

"Zotuluka zikhale zanga? M'nyumba mwanga muno, zanga zituluke, za a Marcelino zitsale?"

A Natalia anawayang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wapeza njoka m'dengu limene wakhala akupisamo dzanja tsiku ndi tsiku.

"Kani nkhani yake ndi imeneyo?"

Sanakweze mawu. Nkhunda kukhola sizinadzidzimuke n'komwe. Anatenga ndowa, anathiramo madzi a m'mtsuko, anapisa manja m'thanki n'kumunyamula Mkwatibwi, amene sanavutike n'kuphiriphitha. Anathyola masamba a mango n'kuwayala pamwamba pa madzi kuti asatayike panjira, anapinda nkhata, anasenza. Ali pakhomo anatembenuka ndi thupi lonse, monga amachitira munthu wosenza madzi.

"Nsomba iyi ndinkaionera m'nyumba mwanu, inu muli pomwepo. Poti mwaikana, ndizikaionera kwa eni ake."

Njira yopita kwa a Marcelino inkadutsa pamaso pa masitolo. A Lameki anafika pakhonde lawo podzera kuseri, ndipo anali asanalowetse ulusi pasingano pamene akazi awo anadutsa, ndowa ili pamutu, khosi lili chilili, osayang'ana kumbali. Ogulitsa mandasi anafunsa komwe amayi akupita ndi madzi a masamba dzuwa lonseli, ndipo a Natalia sanabise. Pofika masana msika wonse unali utadziwa kuti mkazi wa telala wapititsa wodwala kwa dokotala. Anthu ankaseka popanda choipa mumtima. A Lameki anasoka mkono wa shati mozondoka, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambire.

Mkwatibwi sanafe. A Marcelino anamuika payekha m'beseni la madzi oyera othira kamchere, n'kumasintha madziwo pafupipafupi. Toyera tija tinachoka, mabala anapola, ndipo mchira unayamba kumera pang'onopang'ono, ngakhale sunabwerere mwakale. Unamera waufupi, wokhota mbali imodzi. A Natalia ankapita kukamuona. Poyamba ankati akukaona wodwala, ndipo panalibe wowaletsa. Wodwala atachira n'kulowa m'thanki yaikulu pamodzi ndi anzake a mtundu wake, mwendo unali utazolowera njira. Ankamaliza ntchito zonse za pakhomo, osasiyako ngakhale imodzi, kenako n'kumanga mpango, n'kuwauza amuna awo mwaulemu kuti akufika kwa a Ursula.

Kunyumba mbuna yaikulu ija, itasowa zofiira zoti izilume, inatembenukira anzake. Ina inapezeka itafa kuseri kwa mwala. Inayo inalumpha m'thanki pothawa, n'kuumira pasimenti. Inatsala yokha, yowala kuposa kale, ikuzungulira mwala wake popanda woulanda. A Lameki anagwa mphwayi. Tsiku lina anawauza akazi awo kuti aganiza zokaitaya kumtsinje, atsuke thanki, Mkwatibwi abwerere kwawo. Anayankhula akuyang'ana pansi, poti kwa iwo kumeneko kunali kupepesa.

"Musamuvutitse, wakhazikika kumene aliko," anatero a Natalia. "Iyinso isiyeni. Yalakwa chiyani? Inkangochita zimene inu munkakhala pa kampando n'kumaonerera."

Kani mayiwo anawaona masana aja. Nthawi yonse ija a Lameki ankayesa kuti ndowa ikatsitsidwa panja m'pamene mkazi wawo wafika.

A Lameki anapitako kamodzi kwa a Marcelino, atanyamula jekete imene a Ursula anasoketsa, ngakhale ikanatha kudikira Lamulungu. Ankafuna kuona ndi maso awo. Anapeza a Marcelino ali kudimba kuseri, atavala kabudula wong'ambika, akuthirira tomato, mutu uli mbuu ndi imvi. A Marcelino anawalandira ndi manja awiri, anathokozanso za maunda aja, ndipo za nsomba anangoti zimachitika, nawonso anataya zingapo asanaphunzire kuti si zonse zogonera limodzi. Kukoma mtima kumeneko kunawapweteka a Lameki kuposa chipongwe. M'nyumba anapeza a Ursula akusankha nyemba, ndipo a Natalia atakhala pampando pafupi ndi thanki, atagwira chibwano, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Nkhope ija inalipo, yofewa, yopanda makwinya. Marcelino sanali m'chipindamo, ndipo mayiwo sanali kumufuna. Ankayang'ana kansomba ka mchira wokhota basi. Zinali choncho kuyambira pachiyambi, ndipo a Lameki akanatha kumaziona tsiku lililonse ali pakhomo la nyumba yawo.

Thanki ya kunyumba a Natalia sanaiyang'anenso. Ankasesa mozungulira, n'kupukuta tebulo, koma maso osaponyako. A Lameki atatopa n'kuiona ili pamenepo ngati mlandu, anabwereka wilibala n'kupita nayo kukhonde. Ankaisamala mbunayo kuposa mmene munthu angaganizire. Ankagoneka madzi m'mtsuko, n'kumaisinjira chakudya, ndipo dzuwa likafika pakhonde ankanyowetsa chigamba n'kuphimba galasi. Banja lawo silinathe, ndipo nkhunda sizinasamuke. Anakalamba limodzi mwaulemu, akudyera mbale imodzi. Kungoti masana ena a Natalia ankadutsa pamsewu atamanga mpango, n'kuima pang'ono kufunsa ngati pali chofunika kunyumba, kenako n'kupitirira cha ku Mua. A Lameki ankasiya kupalasa makina n'kuwaperekeza ndi maso mpaka pokhota.

Jonasi atabweranso anaima pakhonde, manja ali m'chiuno, n'kuiyang'ana nsombayo ikuzungulira mwala wake. Anafunsa komwe kunapita zinzake, ndipo atamva sanaseke, ngakhale anali msuweni woti akanatha kuseka. Anangoti ulendo wotsatira abweretsa ina, yaikazi, kuti iyi isamakhale yokha.

"Usavutike, msuweni," anatero a Lameki. "Iyi ukaipatsa mnzake imamudya. Ikamaliza imayamba kumufunafuna m'makona."

Anakonza magalasi awo omanga ndi ulusi aja, anaika nsalu pansi pa singano, n'kuyamba kupalasa.